Majuzi Obiriwira a ku Khondowe

Ndinapita ku Khondowe ndikuchokera ku Dedza, choncho ndinkadziona ngati munthu wodziwa kuzizira. Amuna anga anali atapeza ntchito kuchipatala, ine ndinapeza yanga pa kasukulu kena kapulaimale kamene anatsegula mayi wina atapuma pa uphunzitsi wa boma. Tonse, aphunzitsi, ana ndi makolo omwe, tinkangowatchula kuti amama. Anali aafupi, mutu wonse imvi, ndipo poyenda ankafulumira ngati kuti wina akuwadikira kutsogolo. Chichewa ankalankhula chifukwa cha ine, koma akakondwa kapena akakwiya chinkawathawa, n'kubwerera ku Chitumbuka chawo.

Kuzizira kwa kuphiri la Khondowe n'kwina. M'mwezi wa Juni chifunga chinkaphimba bwalo lonse, ana n'kufika m'kalasi zala zili gwa, osatha kugwira pensulo. Yunifomu yathu inalibe juzi, aliyense ankavala chimene makolo atola pa kaunjika. Chaka china amama anati ana onse akhale ndi juzi yofanana, yobiriwira, ndipo ntchito yofufuza kogula anaipereka kwa ine.

Sindinavutike. Mmodzi mwa makolo anali ndi shopu ku Mzuzu ndipo katundu wake ankaitanitsa ku China pa foni. Anandionetsa zithunzi za majuzi osalala bwino, okhala ndi baji pachifuwa. Atanena mtengo ndinamufunsanso, kuganiza kuti walakwitsa, chifukwa unali wotsika kwambiri. Ndinathamangira kwa amama ndili wokondwa. Iwo anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, navomera kuti ndi zokongola, kenako anati tikaweruka ndiwaperekeze kwinakwake.

Tinatsika kanjira kodutsa m'minda ya khofi ndi nthochi mpaka pa nyumba ya mayi wina wamasiye. Tisanafike n'komwe tinamva phokoso la makina ake, kwee kwee, ngati munthu akupala thabwa. Anali makina olukira akalekale, amene mbale wake anamusiyira. Ankaluka tizipewa ndi timasokosi ta makanda, mothandizana ndi amayi ena awiri amene ankasoka mikono ndi makolala pamanja. Amama anamufotokozera za majuzi, iye anati angathe, koma mtengo umene ananena unaposa wa ku China uja.

Pobwerera sindinabise maganizo anga. Ndinati makolo athu ambiri ndi alimi, ena ali ndi ana atatu pasukulu pomwepo, nanga tiwaumirizirenji chodula pamene chotchipa chilipo. Ndinawonjezanso kuti ngakhale ulusi umene mayi uja amalukira si wa kuno, umachokera kunja komweko. Amama anaima pamtunda kuti apume, nanditembenukira.

"Ulusi ndi wakunja, inde, asambizgi," anatero, kunditchula mwa Chitumbuka monga ankachitira ndi aphunzitsi onse. "Koma juzi ikalakwika, ku China ndikadandaula kwa yani? Uyu ndimakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Ndipo ana ake amadya kuchokera pa makina aja."

Ndinkayembekeza kuti pa msonkhano wa makolo adzangolamula, poti sukulu inali yawo. Sanatero. Anaika majuzi awiri patebulo, ya ku China imene bambo wa shopu anabweretsa ndi ina imene mayi uja analuka. Ananena poyera kuti yakunjayo ndiyo yotsika mtengo, ananenanso imene iwo akonda ndi chifukwa chake, kenako anati banja lililonse lisankhe lokha malinga ndi thumba lake. Ambiri anasankha yakunja. Amama sanasinthe nkhope. M'mawa mwake ndi iwo amene anathandiza bambo uja kuyeza ana, kuti katundu wake asabwere wolakwika.

Majuzi akunja ndiwo anayamba kufika, onse pamodzi, m'mapepala onyezimira. Majuzi a mayi uja ankabwera pang'onopang'ono, mochedwa, kuzizira kutayamba kale. Choipa china, ulusi unatha ku Mzuzu, ndipo umene anapeza kachiwiri unali wobiriwira mowala. Ana akafola pamzere m'mawa ankaoneka ngati munda wa chimanga umene feteleza sanakwanire. Ena makolala anali othina moti mwana povula ankatsala pang'ono kusiya makutu momwemo. Ine ndinkawamvera manyazi amama, ndipo ndinkaganiza kuti angokhala chete kuti asaoneke ngati analakwitsa.

Iwo anasonkhanitsa majuzi onse othina, nawamanga m'chitenje, n'kutsika nawo okha. Ndinawatsatira. Anawayala pamkeka pamaso pa mayi uja limodzi ndi anzake, namuonetsa kolala iliyonse. Sanakweze mawu, koma sanasiyeko ndi imodzi yomwe. Mayiyo anayamba kufotokoza za kuchepa kwa nthawi, amama anamudula.

"Sindinabwere kwa inu kudzakuchitirani chifundo. Ndinabwera kudzagula. Konzani."

Mayi uja anawerama, misozi ili m'maso, koma anakonza onse. Kuyambira pamenepo, asanayambe kuluka ankabwera yekha kusukulu ndi tepi yake kudzayeza mwana aliyense, ndipo ulusi ankagula wokwanira nthawi imodzi.

M'kalasi mwanga munali kamtsikana kamene kanapsa ndi moto kali kakhanda. Mkono wake wamanzere unapindika pachigongono, sunkawongoka. Bambo ake anali atakagulira juzi yakunja, koma kuti mkonowo ulowe ankachita kuukoka mpaka mwana kulira. Choncho kankangoimanga m'chiuno, n'kumanjenjemera pa desiki. Nditawauza amama, anayamba afunsa bambo wa shopu ngati angaitanitse ina yosokedwa mwina. Iye anayankha moona mtima kuti kumene amagulako sangam'pangire imodzi yokha. Tsono amama anakatenga kamtsikanako pa dzanja n'kupita nako kwa mayi woluka uja.

Mayiyo anakakhazika pamwendo, nagwiragwira mkonowo mofatsa, akukafunsa pamene pamapweteka. Analuka juzi ya mkono umodzi wotakasuka, yokhala ndi mabatani kuyambira paphewa mpaka m'nthiti, kuti mwana azingoikulunga osaikoka. Mabataniwo anawabisa bwino moti uli patali sukanaona kusiyana. Tsiku limene kanabwera kataivala, kanakhala kutsogolo, ndipo nthawi yopuma kanatuluka kukasewera fulaye ndi anzake m'malo mokhala pakhonde kufuna dzuwa. Bambo ake anabwera kudzathokoza, akungobwereza kuti yewo chomene, yewo chomene, chipewa chili m'manja.

Sindinganame kuti majuzi akunja aja anali oipa. Sanang'ambike msanga, ndipo mabanja ena anapitiriza kugula omwewo, amama osawanena kanthu. Kungoti ana amakula. Yakunja ikachepa inkapita kwa mng'ono wake, ngati alipo. Ya mayi uja inkabwerera kwa woluka wake, iye n'kumasula m'munsi ndi kumikono, n'kuwonjezera. Makolo ataona zimenezi anayamba kutsika okha kanjira ka m'khofi kaja, ena mpaka kukalukitsa majuzi awoawo ovala kutchalitchi. Amayi othandiza aja anawonjezekera.

Kenako makina anathyoka. Kachitsulo kena kamene kamayendetsa singano kanadyeka, ndipo wokonza mawilesi wa pamsika atakayang'ana anati n'kofunika katsopano. Mayi uja anafunsa ku Rumphi, ku Mzuzu, ngakhale ku Lilongwe kudzera mwa achibale, osakapeza. Amama anavala nsapato zawo n'kupita kwa bambo wa shopu uja, kachitsulo kakufako kali m'kampango. Ine ndinalipo. Bamboyo anaseka mwaulemu, nafunsa ngati amama nawonso ayamba kukhulupirira za pa foni.

"Chimene kuno kulibe, tikagule kumene chili," anayankha. "Koma chimene chili pakhomo pompano, ndikachifunirenji kutsidya la nyanja?"

Bamboyo anajambula kachitsuloko, nakafufuza mpaka anakapeza. Podikira, amayi aja sanakhale manja lende. Ankaluka ndi singano zamanja pakhonde, ndipo amama madzulo ena ankapita kukakhala nawo, akuluka nawo pang'onopang'ono poti maso anali atayamba kuwavuta. Kachitsulo katafika, bamboyo anakwera nako yekha panjinga yamoto msewu wokhotakhota wochokera kunyanja mpaka ku Khondowe, nakana kuti amulipire ulendowo.

Patapita zaka amuna anga anasamutsidwa, tinabwerera ku Dedza. Amama nawonso anasiyira ena sukulu n'kupita kwawo ku Hewe. Ndinakawaona kamodzi, nthawi yokolola. Ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga, maso atachita khungu pang'ono, koma anandizindikira mawu ndisanamalize moni. Tinacheza za ana amene tinawaphunzitsa, amene anakwatiwa, amene ali ku koleji. Pamene ndinkatsanzika anandifunsa ngati pafupi ndi sukulu imene ndikuphunzitsa tsopano pali munthu woluka. Ndinati sindikudziwa, majuzi athu timagula opangidwa kale m'tauni.

"Mukafufuze, asambizgi," anatero. "Alipo."

Nditabwerera ndinafunsafunsa pamsika. Anandilozera kuseri kwa chigayo, kumene ndinapeza bambo wina wachikulire ali ndi makina ake m'kachipinda kopanda chikwangwani. Anati wakhala pamenepo kuyambira kale, kungoti a sukulu sanabwerepo kudzamufunsa. Ndinamupempha kuti aluke imodzi yoti ndikaonetse makolo pa msonkhano, ndipo anandifunsa mtundu wa yunifomu yathu.