Netiweki Inalibe Vuto

Izi sindinauzepo ngakhale amuna anga. Ndimagwira ntchito ya kafukufuku, yoimbira foni alendo amene anagonapo m'maloji a ku Senga Bay. Tsiku lina ndinaimbira abambo ena a ku Lilongwe, ine ndili ndi mwana wanga kumsana. Nditawafunsa kuti anabwera ndi ndani, anayankha chapansipansi: "Ndi malemu akazi anga. Unali ulendo wathu womaliza, mwananga."

Pa fomu panalibe polemba zimenezo. Ndinayamba kukuwa kuti, "Halo? Halo, bambo? Netiweki yavuta," chonsecho ndikuwamva bwinobwino akupuma. Ndinadula foni, n'kuchonga poti "anthu awiri".

Anaimbanso kawiri, ine n'kumangoyang'ana. Ndimadziuza kuti mwana ankavuta, koma anali m'tulo. Nambala yawo ndikadali nayo. Kodi ndiwaimbire? Nanga ndikayambire pati?