Misomali ya Mkamwini

A Mazira sanathamangepo pa njinga yamoto. Anthu a mumsewu wawo ankati ngakhale nyumba itayaka, mkuluyo angafike moto utazima kale, n'kuyambanso wafunafuna kaye pamthunzi poimika njinga. Apanjinga zakapalasa ankawapitirira akuliza belu mwachipongwe, iwo osatekeseka. Dzinalo linachokera ku ntchito yawo. M'mawa uliwonse ankamanga mathireyi a mazira kumbuyo kwa njinga, mulu wotalika kuposa mutu wawo, n'kumakagawa m'magolosale ndi m'malo odyera. Munthu wonyamula katundu wotere amadziwa dzenje lililonse la mumsewu. Akawaseka ankangoti, "Kuthamanga si kufika," basi n'kupitiriza ulendo.

Njingayo inali nkhalamba. Kale inali yofiira, koma dzuwa ndi nsanza yopukutira zinaisandutsa mtundu wovuta kuutchula. Kulira kwake kokha ndiko kunalibe chilema. Ankaiimika pakhonde la kuseri, pafupi ndi kabokosi ka masipanala, ndipo madzulo akaweruka ankayamba aizungulira kaye, kugwira tcheni, kufinya matayala, kugwedeza mabuleki, kenaka n'kulowa m'nyumba. Akazi awo ankati, "Koma ine mukanamandifunsa mmene ndaswerera ngati mmene mumaifunsira njingayi, bwenzi ndili wonenepa." Iwo ankayankha kuti njinga siyankha mwano.

Vuto la njinga yokalamba ndi masipeya. Pafupi ndi msika panali sitolo ya mayi wina amene aliyense ankangomutchula kuti Mayi a Masipeya. Pakhoma pake ankapachika zitsulo zonyezimira, za m'mapepala okongola, zimene anyamata ankazikonda chifukwa chotchipa. Zenizeni zinali pansi pa kauntala, m'makatoni akuda ndi oyilo. A Mazira akalowa, mayiyo sankavutika n'kuloza kukhoma. Ankawerama, n'kutulutsa katoni. Iwo ankaika chitsulocho pachikhatho kuti amve kulemera kwake, n'kuchigogoda pa kauntala, khutu lili tcheru. Za kukhoma zija ankati n'chikomekome cha mkuyu. Chimene akufuna chikasowa, ankapita kwa wogula zitsulo zakale, kumene njinga zakufa zinaunjikana mpaka kumpanda, n'kutaya masana onse akutembenuza mitembo ya anzake a njinga yawo. Ankabwerako malaya ali bii, koma nkhope ikuwala.

Zing'onozing'ono ankakonza okha. Zotsegula injini kapena kuchotsa tayala ankapita nazo kwa makaniko wina wachikulire, munthu wosalankhula, amene ankayala thumba pansi asanamasule kabawuti kalikonse. Makanikoyo atapuma pantchito chifukwa cha maso, a Mazira anakhala ngati amasiye. Ndiye mwana wawo wamkazi, wotsiriza kubadwa, amene pakhomo ankangomuitana kuti Mzime, anabweretsa mwamuna. Mwamunayo anali makaniko wa njinga zamoto. Achibale onse anati a Mazira agwa m'mbale.

Tisamunamizire mkamwiniyo. Anali munthu wabwino mtima, wansangala, wosamwa, ndipo Mzime ankamukonda zenizeni. Koma manja ake ankathamanga kuposa maso. Galaja yake inali kashedi ka malata m'mbali mwa msewu waukulu, pansi pali fumbi losakanikirana ndi oyilo. Ankamasula injini foni ili pakati pa khutu ndi phewa, uku akupereka moni kwa odutsa, uku akutsutsana ndi mnzake za mpira. Mabawuti ankawaponya pafumbi pomwepo. Akamaliza ankamenya chishalo n'chikhatho n'kunena kuti, "Yatheka, bwana!" Mawuwo anasanduka dzina lake. Kabawuti kakatsala, Yatheka ankakakankhira pansi pa benchi ndi phazi, ati opanga njinga amangochulukitsa zinthu. Kapini kakasowa ankapinda msomali. Pofunika kanati ankamangapo waya.

Tsiku loyamba lomwelo a Mazira anaona zonsezi, ndipo mtima unawawa. Koma akanatani? Anyamata onyamula anthu panjinga, amene ankadikirira makasitomala tsidya lina la msewu, ankawadziwa bwino. Ankati, "Ngati a Mazira, munthu wovuta uja, amakonzetsa kwa Yatheka, ndiye kuti mnyamatayu amaitha." Njinga yofiira ija ikaima pagalajapo inali ngati chikwangwani. A Mazira anadziwa kuti tsiku limene adzaikankhire kwa makaniko wina, msewu wonse udzamva lisanalowe dzuwa kuti apongozi enieni amuthawa mkamwini. Ndipo pagalajapo m'pamene Mzime ankadyera.

Choncho anapeza njira yawoyawo. Ankapititsa njinga kwa Yatheka, n'kukhala pabenchi mwaulemu, akucheza za mvula. Mkamwini akatembenuka, iwo ankawerama ngati akukonza nsapato, n'kutola kabawuti kotsala kaja, n'kukaponya m'thumba la malaya. Ankathokoza, n'kubwerera kunyumba pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Kukhonde la kuseri ankayala thumba, n'kuyambiranso ntchito yonse. Kabawuti ankakabwezera pamalo pake. Misomali yopindika, timawaya ndi timalamba ta chubu ankazichotsa, n'kuikapo zoyenera zochokera pansi pa kauntala paja. Popeza anali munthu wosataya kanthu, zochotsazo ankaziponya m'chitini chakale cha mkaka. Zaka zikupita, chitinicho chinayamba kulemera.

Akazi awo okha ndiwo ankadziwa. "Mumuuze mwana wa eniake," ankatero. "Mukumulera ngati dzira, adzaphunzira liti?"

"Munthu wamkulu, wa pabanja pake, ndikamuuze kuti sadziwa ntchito? Pakamwa panga sipangathe."

"Pakamwa sipangathe, koma msana ukutha."

Si msana umene unatha, koma zala. Nyamakazi inayamba ndi chala chachikulu cha kumanja, n'kufalikira mwakachetechete. Poyamba ankavutika kumanga mabatani a malaya kukazizira. Kenaka zingwe zomangira mathireyi zinayamba kuwapulumuka, ndipo tsiku lina thireyi yathunthu inagwa pakhomo pa golosale, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo. Anachepetsa maulendo. Sipanala ankaigwirabe, koma pokoka ankaluma mano.

Nthawi yomweyo Mzime anali woyembekezera, mwana woyamba. Msewu wopita kuchipatala unali wokumbika, ndipo m'minibasi ankabwerako atatopa ngati wamenyedwa. Yatheka analibe njinga yakeyake. Anabwera kwa apongozi ake chipewa chili m'manja, kudzapempha kuti azibwereka njinga yofiira ija popita ndi mkazi wake kusikelo, poti inali yofewa pamabampu. A Mazira anavomera ndi mtima wonse. Pofuna kuthokoza, Yatheka anaitenga njingayo n'kukaiikira tayala latsopano kumbuyo, laulere. Anaibweza madzulo akumwetulira, namenya chishalo. "Yatheka, bambo! Mawa m'mawa tidzaitenga."

Atachoka, a Mazira anagwada kuseri kwa njinga. Tayala linali labwino ndithu, mnyamatayo sanaumire. Koma pa nati yaikulu imene imagwira tayalalo, pamene pamayenera kukhala kapini koletsa natiyo kumasuka, panali kamsomali kowonda, kadzimbiri, kopindidwa mbali imodzi yokha. Ndodo ya buleki inali yomangidwa ndi waya. Anatenga pulayala kuti achotse kamsomaliko. Zala zinakana kutseka. Anayesa ndi manja awiri, pulayala inagwa pasimenti. Anayesanso, inagwanso. Anakhala pansi n'kumayang'ana manja awo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyi, anachita mantha.

Akazi awo anali ataima pakhomo la khitchini. Sanaseke ngati masiku onse. Anangoti, "Mawa pampando wa kumbuyowo sipakhala mazira."

Dzuwa lisanalowe, a Mazira anayenda wapansi kupita kwa Mayi a Masipeya. Anagula kapini ndi kanati ka ndodo ya buleki. Mayiyo ataona mmene zala zawo zinkavutikira kutola tinthuto pa kauntala, anati, "Bambo, makaniko wa kuseri kunoyu ndi wosamala. Ndimuuze abwere kwanu akakuikireni?" A Mazira anaima kaye. Inali njira yapafupi, ndipo Yatheka sakanadziwa msanga. Koma njingayo inali yoti izikagona kwa mkamwini masiku ambiri, ndipo mwana akadzabadwa adzakwera pomwepo, ali kumsana kwa mayi ake. Kodi adzatuma makaniko wa kuseri mpaka liti? Anathokoza mayiyo, nati ali naye kale makaniko.

M'mawa Yatheka ndi Mzime anafika atatchena. Mzime ankayenda mokoka miyendo, dzanja lili m'chiuno. A Mazira anamuuza kuti alowe kaye akaone mayi ake. Atatsala awiri pakhonde, anati, "Akamwini, manja angawa atha. Mundithandizeko kanthu kena musananyamuke."

"Nenani, bambo."

"Yalani thumbalo pansi."

Yatheka anayala. A Mazira anatenga chitini chija, nachipendeketsa. Misomali yopindika, timawaya, timalamba ta chubu, zonse zinakhuthukira pathumba n'kupanga kamulu. Yatheka anayamba kuseka, akuganiza kuti nkhalamba yayamba kutolera zinyalala. Kenaka anatola msomali umodzi. Munthu amadziwa mapindidwe a dzanja lake. Anatola wina, natolanso kawaya kobiriwira kamene ankadula ku mpukutu wopachikidwa m'galaja mwake. Kuseka kuja kunazimiririka.

"Zonsezi zachokera m'njinga imeneyi," anatero a Mazira, maso ali pathumba, chifukwa kumuyang'ana mkamwini kumaso sakanatha. "Ndinkachotsa ndekha. Sindinafune kukuchititsani manyazi, ndipo lero sindikufunanso. Pamene pankakwera ine ndi mazira, zinalibe kanthu. Dzira likasweka umagula lina. Koma taonani apa." Analoza nati ya tayala lakumbuyo. "Dzulo ndalephera kuchotsa kamsomali aka. Ndayesa, zala zakana."

Yatheka anagwada. Anakagwira kamsomaliko n'chala, kanagwedera. Anakakoka pang'ono, kanathyoka, kachidutswa n'kutsalira m'manja mwake. M'nyumba munkamveka Mzime akuseka ndi mayi ake. Yatheka anatembenukira kumene kunkachokera kusekako, nayang'ananso kachidutswa kaja. Foni inalira m'thumba mwake. Anaitulutsa, naizimitsa, n'kuiika pawindo.

Anavula malaya ake atchalitchi n'kuwapachika pachitseko. Sanapepese ndi pakamwa, ndipo a Mazira anathokoza mumtima kuti sanatero, chifukwa onse awiri akanasowa poyang'ana. Anangopempha thumba lina loyera. Anachotsa tayala lonse, nayala mabawuti pamzere monga mmene ankawamasulira. A Mazira anatulutsa kapini ndi kanati m'thumba la malaya n'kuziika pambali pake. Atamaliza kumbuyo, Yatheka sanaime. Anapita kutsogolo, nayang'ana mabuleki, nayang'ana tcheni, napeza kawaya kena pansi pa chishalo kamene ngakhale a Mazira anali asanakaone. Anakachotsa n'kukaponya yekha pakamulu paja.

Mzime anasuzumira pakhomo. "Kodi tinyamuka lero? Kusikelo akatibweza."

"Dikira pang'ono, mayi," anayankha mwamuna wake osadzutsa mutu. "Mzere wa kuchipatala suthawa."

Mayi a Mzime anamukokera mwana wawoyo m'nyumba.

Dzuwa linali litakwera pamene Yatheka anaimirira. Thumba loyera lija linali lopanda kanthu, osatsala ngakhale kabawuti kamodzi. Anapukuta manja, nayang'ana chishalo, koma sanachimenye. Anatola sipanala n'kuipereka kwa apongozi ake ndi manja awiri.

"Onaninso, bambo."

A Mazira anaiyang'ana sipanalayo. Moyo wawo wonse anali asanalolepo njinga imeneyi kutuluka pageti asanaigwire okha, ndipo maondo awo anali atayamba kale kupinda kuti agwade. Anadziletsa. Anapisa dzanja m'thumba, natulutsa kiyi.

"Mwaona kale inu," anatero. "Ine ndionanso chiyani?"

Mzime anakwera chammbali, atagwira mwamuna wake paphewa. Njinga inalira bwinobwino, n'kutuluka pageti. A Mazira anaima pamsewu manja ali kumbuyo, maso ali pa tayala lakumbuyo lija. Pa dzenje loyamba Yatheka anachepetsa liwiro, nalizungulira. Pa lachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Asanafike pokhota, munthu wina wapanjinga yakapalasa anawapitirira akuliza belu.

Akazi awo anafika pambali pawo, naona njinga ikukwawa kutaliko. "Nayenso azikafika moto utazima," anatero.

A Mazira anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kubwerera pakhonde kukapinda matumba aja.