Makalavani Opanda Mawilo

Makalavani anayi aja, tinyumba ta mawilo tokokedwa ndi galimoto, ndinawagula kwa kampani ina imene inkakonza msewu. Ntchito yawo itatha anawagulitsa motchipa, chifukwa kuwakoka kubwerera nawo ku Lusaka kunali kodula. Ine ndinali nditangochotsedwa ntchito ku fakitale kumene bambo anga anagwiranso atabwera kuchokera ku Katete. Chimene ndinatsala nacho chinali puloti kunja kwa tauni ya Kafue, m'mbali mwa msewu wopita ku Chanyanya. Chimanga sichinkabereka pamenepo. Dothi lake ndi lakuda, lomata m'dzinja, long'ambika m'chilimwe. Ndinaganiza zoika makalavaniwo pomwepo kuti anthu azichita lendi.

Thirakitala inawakoka imodziimodzi. Ndinakumba chimbudzi, ndinabweretsa madzi, ndipo anthu sanachedwe kulowa. Woyamba anali mayi wina wa ana awiri, wogula nsomba ku doko n'kumakagulitsa ku komboni ya Nangongwe. Ankanditchula balandilodi, ngakhale ndinamuuza kuti dzinalo likundikulira.

Mvula itayamba, mawilo anatitimira m'matope. Makalavani anapendekeka, zitseko zinakana kutsekeka. Mayi uja anati poto wake wayamba kuyenda yekha pa thebulo. Kenako akuba anamasula wilo limodzi. Aliyense amene ndinamufunsa anandiuza zofanana, kuti ku Kafue tayala siligona panja. Choncho tinakweza makalavaniwo ndi jeke, tinawakhazika pa mabuloko, n'kuthira simenti kuzungulira. Mawilo ndi zitsulo zake ndinagulitsa kwa owotcherera amene amapanga ngolo za ng'ombe. Anazitenga tsiku lomwelo.

Tinakhala bwino zaka zingapo, mpaka tauni inatipeza. Mapuloti oyandikana nafe anagulidwa, panamangidwa nyumba za mipanda, ndipo wina anakadandaula. Sindikudziwa kuti ndani. Sindinafufuze.

Amene anabwera kuchokera ku ofesi yoona za mapulani anali munthu waulemu. Anakana mpando, koma madzi anamwa. Anandifotokozera kuti dera lathu linalembedwa kuti ndi lolima, ndipo puloti iliyonse imaloledwa nyumba imodzi ya mwini wake. Kuti ndisunge mabanja ambiri, ndinayenera kupempha kuti ntchito ya malowo isinthidwe. Pamafunika woyeza malo, njira yoti galimoto yozimitsa moto ilowe, zimbudzi zotalikirana ndi madzi akumwa, komanso kuti oyandikana nawo asakane. Kenako anawerama n'kusuzumira pansi pa kalavani.

"Akanakhala ndi mawilo, bamdala, ndikanati muwakoke, muwasunge kwina mpaka mapepala atuluke. Koma awa munawamangira pansi. Pa lamulo ndi nyumba tsopano, ndipo nyumba yotere palibe amene angavomereze pulani yake."

Ndinamufunsa kuti nditani. Anati anthu atuluke, makalavani achoke.

Ndinayesa. Nditapita kukafunsa za mawilo, owotcherera aja anandiseka pang'ono, osati mwachipongwe. Anati ngolozo zinapita kale kumidzi, ndikafuna ndizikazisaka m'makola. Mwini galimoto yonyamula zolemera anabwera, anagogoda chitsulo chapansi ndi sipanala, dzimbiri n'kuyoyoka ngati gaga. Anati chinyezi cha m'simenti chinadya zonse, ndipo akangokweza kalavani idzathyoka pakati. Ndinapitanso kwa oyandikana nafe kukapempha kuti asayine zoti sakukana. Mayi wa nyumba yaikulu anandilandira pa geti, anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti adzandikumbukira m'mapemphero. Zosayina anati ndi za amuna ake, ndipo amuna akewo sindinawapezepo.

Mabanja atatu anasamuka mosavuta. Anali achinyamata, katundu wawo wokwana pa wilibala. Mayi wa nsomba ndiye anatsala. Tsiku lina anandipeza ndikuchotsa mpopi.

"Balandilodi, nanga tikangokhala zii? Ana ndiwauza asamasewere panja. Ndani adzadziwa?"

Ndinamuuza kuti amene anadandaula ali ndi mawindo. Ndinati ndi bwino asamuke yekha kusiyana n'kudzapeza mapoto ake pa msewu. Anapeza kachipinda ku Nangongwe kosakwana anthu atatu, choncho mwana wamkulu anamutumiza kwa mchemwali wake ku Chanyanya, sukulu n'kuilekeza pakati pa chaka. Tikakumana pa msika amandipatsa moni bwinobwino. Za mwanayo sindifunsa.

Pempho losintha ntchito ya malo ndinalisiya. Ngakhale litavomerezedwa, ndilibe choti ndiikepo. Mkazi wanga akuti tidule makalavaniwo tigulitse ngati zitsulo zakutha, tisanalipitsidwe chindapusa. Akunena zoona. Wogula zitsulo anabwera sabata yatha, anazungulira onse anayi atapisa manja m'thumba. Akufuna malata akunja ndi mafelemu a mawindo basi. Matabwa, mabuloko ndi simenti akuti ndidzaona ndekha kotaya.

Ndamuuza kuti abwere Loweruka.