Chingwe cha a Jasi pamtengo wa mango

Inu, ndikangomva fungo la bulugamu wongodula kumene, ndimawaona a Jasi ali m'mwamba, chikwanje kumanja, makungwa akutigwera m'maso ife ana. Anali oyandikana nafe ku Bangwe kuno, Msena wa ku Nsanje, wogwetsa mitengo pakati pa nyumba. Sukulu ine sindinapite nayo patali, koma za chingwe mundifunse!

Bulugamu wathu anaweramira denga, ndiye bambo anawaitana. A Jasi anakwera ndi zingwe ziwiri. China anadzimanga m'chiuno n'kuchikulunga pathunthu, osati panthambi yodulayo ayi. Chinacho anamanga chinthambi chachikulu, n'kuchidutsitsa pamphanda ya pamwamba, n'kuponya pansi.

"Tigwira ndi manja, amuna tilipo!" anatero bambo, anzawo atandanda kumbuyo.

"Iyayi achimwene, kulungani pa mango apo, mumange mfundo," anakuwa a Jasi. "Dzanja limayabwa, mtengo suyabwa."

Bambo anang'ung'udza, koma anamanga.

Tsono nkhuni m'tauni muno mukuzidziwa. Tinthambi titayamba kugwa, azimayi a mzere wonse anathamangira, ndipo amuna aja, mmodzimmodzi, anataya chingwe kukathandiza akazi awo kukoka nkhunizo. Bambo nawo anachisiya kuti akawathamangitse. Amayi anga analowa pansi penipeni pa chinthambi chija akukalipa: "Mtengo ndi wanga uwu, siyani!"

Pomwepo chinthambicho chinalira, kwaaa!

"Chokaniii!" anakuwa a Jasi.

Thunthu linagwedezeka, phazi la a Jasi linaterereka, n'kutsala akulendewera pachingwe chawo. Chinthambi chinkatsika molunjika amayi. Chingwe chinakungika, chikulira ngati chiduka, mango akusupuka makungwa. Kenako zii. Chinthambi chinaima m'malere, masamba akukhudza duku la amayi.

A Jasi anadzikoka, anatsika, osakalipa. "Mlamu, nkhuni zanu izo, tolanitu." Amayi anangokhala pansi. Bambo osayang'ana munthu.

Lero anyamata akubwera ndi makina awo aphokoso odulira mitengo, akwera ngati anyani, chingwe apatsira anzawo m'manja. Ine ndimaima pamsewu ndi ndodo yanga n'kukuwa mpaka makinawo azime: "Iwe! Wamanga pati?" Amati mdalayu ngovuta. Anene! Amayi anga anafa ndi ukalamba, pamphasa pawo.