Atate ndi Galimoto Yachibwibwi

Kompyuta ija inali yachikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Amalume anabwera nayo pa wilibala kuchokera ku maofesi a mgodi, kuno ku Kitwe, chaka chimene eni atsopano ankataya zonse zakale. Ankataya matebulo, makompyuta, ndi anthu omwe. Atate anali mmodzi wa otayidwawo. Musandiuze za chuma cha dziko, ine sukulu ndinalekera giredi seveni, koma kuba ndimakudziwa ndikakuona.

Mkati mwa kompyutayo kalaliki wina anasiyamo gemu ya mpikisano wa magalimoto. Msewu wa phula, mitengo mbali zonse, utsi kumbuyo, mthunzi wa galimoto ukuthamanga pambali. Sindinaonenso chinthu chokongola chonchija. Koma unali mwezi wa Okutobala, malata akulira ndi dzuwa. Ukasewera pang'ono, galimoto inkayamba chibwibwi. Iima, idumpha, iima, kenako uli m'ngalande. Msewu unkang'ambika pakati, mitengo n'kusanduka zigamba zobiriwira, nthawi zina thambo lonse lofiirira ngati chilonda.

Atate ku mgodi anali a mphepo. Ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti mafani akukankhira mpweya pansi, anthu asakomoke ndi kutentha. Tsiku loyamba anaika dzanja kumbuyo kwa bokosilo, n'kunena kuti, "Ichi chikubanika." Anamasula chitsulo cham'mbali. Fumbi linali ngati ubweya wa khoswe. Analichotsa ndi nthenga ya nkhuku ndi pampu ya njinga, ine ndikutsokomola. Kenako anadula katoni, n'kupanga ngalande ya mphepo kuchokera pa fani ya amayi mpaka mkati mwa bokosi. Pawindo anapachika saka yonyowa. Chipinda chonse chinkanunkha saka ndi pulasitiki yotentha. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo mtima umandiwawa.

Zinkathandiza, osanama ayi. M'mawa galimoto inkayenda bwino. Koma ikafika fotini awazi, 2 koloko masana, chibwibwi chija chabwerera, ine n'kukuwa kuti, "Atate, yayambanso." Ankabwera msanga, majombo a ku mgodi kumapazi, sikuludiraiva m'thumba la shati. Ankadzukabe nthawi ya shifiti, kumeta ndevu, kuyendera katoni yawo kuona ngati sikudontha mphepo. Amayi akadandaula za fani yawo, ankati, "Mayi mwana, tili pa ntchito." Amayi ankangoseka n'kupita kukagulitsa tomato. Milungu imeneyo pakhomo pathu panalibe kukangana.

Ndiye kunabwera aphunzitsi, amene ankachita lendi nyumba yoyandikana nafe. Munthu wabwino, sindimuda. Anayang'ana katoni ija, anaseka pang'ono, n'kundionetsa malo ena mkati mwa gemu. Anati makina ndi ofooka, akusenza katundu woposa msinkhu wawo, ndiye uziwachepetsera. Tinazimitsa mithunzi. Tinazimitsa utsi. Mitengo tinaichotsa, chithunzi chonse tinachichepetsa mpaka galimoto inaoneka ngati njerwa ya matayala. Koma mmene inathamangira! Dzuwa likhale pamutu, osaima ngakhale kamodzi.

Ndinathamanga kukawaitana atate kuseri kwa nyumba, kumene ankanyowetsa saka. Anaimirira kumbuyo kwanga, madzi akudontha m'manja, n'kuonerera mpikisano wonse.

"Mitengo ija yapita kuti?"

"Tachotsa. Imalemetsa."

"Nanga mthunzi?"

"Ulibe ntchito, atate. Chofunika ndi liwiro. Katoni yanu mutha kuchotsa, fani mubwezere amayi. Sitikuvutitsaninso."

Ndinanena choncho, ine, ndi pakamwa panga pano. Mwana wanga atandiyankhula chonchi lero sindidziwa chimene ndingachite. Iwo sanakalipe. Anangoti, "Oho. Ndi mmene akuchitira masiku ano." Anamasula katoni pang'onopang'ono, osaing'amba, anaipinda bwino n'kuiika pansi pa bedi.

M'mawa mwake sanadzuke nthawi ya shifiti. Ndevu zinayamba kumera. Pofika nthawi ya mvula anali atapeza anzawo odulidwa ntchito pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi shabini yogulitsa mowa, ndipo kukangana kunabwerera pakhomo. Sipanapite nthawi yaitali, tinawaika m'manda. Sindikunena kuti ndi gemu inawapha, anawapha ndi aja anagulitsa mgodi ngati nkhuku yodwala. Koma ine ndinali ndi chala pa batani. Ndikanatha kubwezera mitengo ija tsiku lililonse, galimoto n'kuyambanso chibwibwi, ine n'kukuwa kuti atate bwerani. Zinali zosavuta chonchi.

Sindinaganizeko n'komwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinkapambana mpikisano uliwonse. Ndikatembenuka n'kuona kuti kumbuyo kwanga kulibe munthu, ndinkasangalala kuti tsopano chigongono changa chili ndi malo.