Ampu ya amalume ndi bulangeti la amayi

Ampu ija, chokuzira mawu a gitala, inali yakuda, yolemera ngati thumba la chimanga, ndipo kumbuyo kwake kunali mababu anayi agalasi amene ankafiira ikayatsidwa. Amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni pamodzi ndi gitala, ine ndili Sitandade 7. Anzawo ankabwerako ndi malata ndi njinga zamoto. Iwo anabwera ndi phokoso.

Tinkakhala pa Migowi, m'zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa golosale. Bambo anali atamwalira. Amayi ankagula nandolo kwa alimi n'kumagulitsa kwa mavenda, ndiye chipinda chimodzi chinali chodzaza matumba. Amalume anayala mphasa momwemo. Inali nyengo yotentha, fumbi la mumsika limalowa mpaka m'mano, ndipo aliyense anali wosachedwa kupsa mtima.

Vuto la ampuyo linali lakuti sinkadziwa kuyankhula motsitsa. Ukaika batani pa 2, mawu a gitala ankatuluka owonda ngati wailesi yotha mabatire. Ukafikitsa pa 7, mababu atatentha, mawuwo ankanenepa, malata ankanjenjemera, makapu ankagundana m'beseni. Ndinkawamva m'mimba. "Iyi siimba ili ndi njala," ankatero amalume akupotokola batanilo. Sankanama. Ndamva masipika ambiri m'maukwati, palibe inafikapo.

Eni nyumba anali bambo wachisilamu, mwini golosale ija, munthu wofatsa. Poyamba anangopempha bata pa nthawi ya swala. Koma amalume akagwira gitala sankamva ngakhale kuitana kwa kumzikiti. Aphunzitsi a chipinda choyandikana nafe anadandaula kuti akulephera kuchonga mayeso. Kenako eni nyumba anawaimitsa amayi pakhomo, ine ndikumva. "Mayi, musankhe, nyumba kapena chinthu chijachi."

Asankhe bwanji? Kwathu amalume ndiwo eni mbumba. Mlongo wako wamkulu sumuuza kuti nyamuka, ndipo sumuuza kuti tsitsa. Komanso anali atalonjeza: "Bandi ikangoyamba, mwanayu ndimuphunzitsa ndine." Ine ndinakhulupirira. Ana amakhulupirira zilizonse.

Amalume anayesa ndithu, ndisawanamizire. Anaitembenuzira kukhoma, khoma linagwetsa dothi. Anaiika pansi pa tebulo, tebulo linayamba kuyenda. Pomaliza tinaimangira mpanda wa matumba a nandolo kutsogolo ndi m'mbali, thukuta lili kamukamu. "Kutsogolo tsekani mmene mungafunire, achemwali," anawauza amayi, "koma kumbuyo ayi. Imapumira kumbuyo. Mukaitseka, yapsa." Anabwerezanso mawuwo tsiku lina, ataona chitenje chitayanikidwa pafupi.

Matumbawo anathandizadi. Aphunzitsi anayambanso kutipatsa moni. Koma nandolo ndi wogulitsa, si wotsekera phokoso. Lole inabwera, matumba anapita, ampu inatsala pambalambanda ndi kamwa lake lonse.

Linali Lachisanu masana, anthu akupita kumzikiti. M'chipinda munkatentha ngati mu uvuni, ndiye amalume anakokera waya panja n'kukhala pakhonde ndi gitala, batani lili pa 7. Ndinaona eni nyumba atatuluka m'golosale, ataima, akuyang'ana kwathu. Amayi anawaonanso. Analowa kuchipinda, anatenga bulangeti lathu lokhalo, analipinda pawiri n'kufunditsa ampu yonse, kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo, akulowetsa m'mphepete mwake pansi bwinobwino.

Phokoso linatsika. Amalume anaganiza kuti mphamvu ya magetsi yachepa monga mwa masiku onse, anangomenya nsambo mwamphamvu. Anaimba nthawi yaitali. Kenako kunabwera fungo ngati la tayala lopsa, mawu anayamba kusasa, thu! Zii.

Anathamangira m'nyumba, anavundukula bulangeti, utsi uli tolotolo. Mababu anali atada.

"Pepani achimwene," anatero amayi, "ndimati ndichepetse phokoso. Za magetsi ine ndizidziwira kuti?"

Amalume sanakalipe. Anawayang'ana amayi nthawi yaitali, kenako anakhala pansi n'kuyamba kukulunga waya.

Wokonza mawailesi wa mumsika anaitsegula n'kupukusa mutu. Mvula isanagwe amalume anabwerera ku Joni, ndipo lonjezo lija linapita nawo. Nyumba tinakhalamobe. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, fizi itavuta, ndipo musandifunse ngati ndinaiwala.

Tsiku limenelo ndinawalusira amayi. "Anakuuzani! Kumbuyo ayi! Anakuuzani kawiri konse!" Sanandimenye. Anangotenga singano n'kuyamba kusoka chigamba pamene bulangeti linapsa. Ndinkadabwa kuti munthu wosaiwala ngakhale pamene wasiya singano angaiwale bwanji mawu ophweka chonchija. Sindinadzifunse chifukwa chake anayambira kumbuyo pofunditsa.