Tsiku Limene Agogo Anabweza Muvi M'mbuyo

Fungo la parafini likangondipeza, ngakhale ndili pa depoti ya minibasi, mtima umathawira pakhonde la sitolo ina kumsika wa ku Chadiza, pamene agogo anga aamuna, a Sandikonda Banda, ankakonzera mawotchi. Panali katebulo kopendekera, kambaula kotenthetsera chitsulo chosungunulira mtovu, ndi kachitini ka parafini momwe ankatsukiramo timagiya tating'ono ngati njere za mpiru. Utsi wa makala unkasakanikirana ndi fumbi la chigayo cha pafupi, ndipo pansi pa phokoso la njinga ndi la amayi oitanira tomato, ukatchera khutu unkamva mawotchi opachikidwa pakhoma akugunda, iliyonse ndi liwu lake. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapemerera moto ndi kukwawa pansi kufunafuna tizomangira timene tagwa.

Nthawi imeneyo mafoni anali atayamba kale kuwadyera ntchito. Masiku ena ankangosintha mabatire awiri basi, koma jekete sankavula, ndipo malamulo awo awiri sankawapumitsa. Loyamba linali lakuti, "Wotchi usanaibweze kwa mwini wake, itembenuze uone kumsana." Lachiwiri ndilo linali loopsa: "Muvi wa wotchi subwerera m'mbuyo. Ukaukakamiza, wathyola zam'kati." Ndinawaonapo akumenya dzanja la abusa, abusa enieni a taye, chifukwa chobweza muvi ndi mphindi zisanu zokha.

Ndili Giredi seveni, aMadamu Zulu a kalabu ya masamu anabwera kuchokera ku Chipata ndi zinthu ziwiri zofanana zimene anatola pamulu wa zidole zogwiritsidwa kale ntchito za pa salaula. Ife tinangozitcha ziwotchi. Chilichonse chinali ngati mbale yapulasitiki, chokhala ndi timawotchi tisanu ndi tinayi kumaso ndi tina tisanu ndi tinayi kumsana, kalikonse ka muvi umodzi. Pakati panali timabatani tinayi, m'makona munali timawilo tinayi. Ukazunguza kawilo, mivi ingapo inkayendera limodzi malinga ndi mmene wakanikizira timabatanito. Masewera ake anali akuti wina akusokonezere, iwe uimike mivi yonse pa thwelofu, mbali zonse ziwiri, mwachangu.

AMadamu anali ataitanidwa kumsonkhano wa makalabu a masamu ku Chipata, ndipo anayenera kupita ndi mwana mmodzi yekha. Pa mayeso tinafanana awiri, ine ndi Yohane, mwana wa akalaliki a kukhonsolo. Choncho anatibwereka chiwotchi aliyense, nkunena kuti pakatha milungu itatu tidzapikisana katatu, ndipo wopambana kawiri ndiye adzakwere minibasi. Ine Chipata ndinkangomumva pakamwa pa makondakitala. Ndinkaufuna ulendowo mpaka kumaulota masana.

Pafoni yawo aMadamu anationetsa vidiyo ya njira ziwiri. Yoyamba, umakonza mivi yapakati kumaso, nkutembenuza chiwotchi, nkukonzanso yapakati kumsana, kenako yam'makona. Yachiwiri ndi ya akatswiri: usanayambe umayang'anitsitsa mbali zonse, nkuwerengera m'mutu kuti kumsana kufunika kuzunguza kangati, ndiye umamaliza osatembenuza n'komwe. Yohane anasankha yachiwiri pompo, nkunena mokweza kuti yotembenuza ndi ya ana a Giredi wani. Ineyo ndi matama anga ndinati nanenso ya akatswiri.

Agogo atamva nkhaniyi sananditsutse. Anatenga zotsekera mabotolo ziwiri ndi mtedza wodzaza dzanja, nkuvula wotchi ya kasitomala pakhoma.

"Naphiri, chita kakhumi njira iyi, kakhumi njira iyo. Ukakhoza, ndiponya mtedza."

Tinatha masana onse. Ndikangoti ndamaliza, iwo ankatenga chiwotchi, nkuchitembenuza monga mwa lamulo lawo, nkugwedeza mutu. Pomaliza, chotsekera cha akatswiri chinali ndi mtedza uwiri, cha ana a Giredi wani chinasefukira.

"Idya uwiri wakowo, katswiri," anatero akuseka mpaka kutsokomola. Kenako anatsitsa mawu. "Njira yaliwiroyi si yoipa ayi. Koma ndi ya manja amene anazolowera kale. Iwe uli ndi milungu itatu. Tenga imene maso ako akuiona."

Ndinatenga yotembenuza, manyazi ali tho, ndipo patangotha mlungu umodzi sindinkalakwitsanso. Vuto linali liwiro. Ine ndinkapitirira mphindi yathunthu, pamene Yohane, tsiku limene masamu ake am'yendera, ankamaliza ine ndisanafike m'makona. Chondichedwetsa ndinkachidziwa bwino. Muvi ukakhala pa wani, munthu umangoubweza kamodzi, wafika pa thwelofu. Koma pakhonde la agogo kubweza kunali mlandu, ndiye ine ndinkauyendetsa ulendo wonse wozungulira, khumi ndi kamodzi, tche tche tche, ngati wopita ku Mlolo pafupi pomwepa kudzera ku Chipata.

"Agogo, a muvidiyo aja amabwezatu," ndinadandaula.

"Amenewo akathyola amakagula china. Ichi n'cha sukulu."

"Koma ndiluza, agogo!"

"Ndiye uluze ndi chinthu chamoyo."

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinachiponya patebulo, nkuwauza mawu amene mpaka lero amandiwawa, akuti n'chifukwa chake anthu anasiya kubwera kwa iwo. Masiku awiri sindinapondeko kumsika.

Lachitatu, mpikisano uli Lachisanu, amayi ananditumiza mchere, ndipo ndinalephera kulambalala khondelo. Ndinasuzumira. Chiwotchi cha aMadamu chinali chitagawidwa pawiri pakansalu koyera, magiya ake ali poyera, agogo atawerama ndi kagalasi kawo kadiso limodzi.

"Bwera kuno, Naphiri. Ona. Ukuonamo sipuling'i, kawaya kaja kamene kamathyoka m'wotchi?"

Ndinati ayi.

"Nanenso ndafunafuna kuyambira dzulo. Mulibe. Ndi magiya okhaokha ogwirana mano."

Anaika chala chachikulu pakawilo. Chala chimenechi kwa zaka zonse za ntchito yawo chinali chisanabwezepo muvi. Anakankhira m'mbuyo. Tche. Muvi unachoka pa wani nkuima pa thwelofu, ndipo palibe chinathyoka.

Anachotsa kagalasi, nkundiyang'ana m'maso. Sananong'one ayi, analankhula moti amayi a tomato ndi atelala a pakhomo lina anamva. "Ndinalakwa ine. Lamulo langa ndi la mawotchi enieni, ndipo ndinalisenzetsa chinthu ndisanachitsegule. Ndakudyera milungu iwiri, mdzukulu wanga. Bweza mmene ungafunire."

Kwathu mkulu sapepesa mwana pagulu. Ndinasowa poyang'ana, misozi ili mbwembwembwe, ndipo pepani wanga anatuluka ngati wa munthu wa chimfine. Iwo anangopukuta magiya aja, nkudonthezera kamafuta ka makina osokera, nkutseka bwinobwino osasiya ngakhale kachipsera. Mawilo anayamba kuyenda mofewa ngati atsopano. Ndikusangalala choncho, anandidula.

"Ukamuuze mwana wa akalaliki abwere nacho chake mawa, ndichithirenso mafuta. Chako chisamathamange chake chili ndi fumbi."

Ndinang'ung'udza, koma ndinakamuuza, ndipo anabwera.

Lachisanu masana agogo anatseka ntchito, chinthu chimene ankachita pamaliro pokha, nkubwera kusukulu atavala mawotchi atatu a makasitomala padzanja limodzi. M'kalasi munadzaza, iwo anaima pawindo. Ulendo woyamba Yohane anandisiya kutali, mivi yake yonse ili pamalo, anyamata nkumamenya madesiki. Wachiwiri anaikanso pansi ine ndisanamalize, nkupinda manja. Koma aMadamu atatembenuza chake, mivi itatu yakumsana inali italoza pa leveni. Anali ataphonya kamodzi powerengera, ndipo analibe mpata woona. Ine ndinamaliza zanga, nkupambana ulendo wachiwiriwo.

Unafika ulendo wachitatu. Yohane anali atachita mantha ndi masamu ake, ndipo ndinkamumva akunong'ona manambala, kuima, nkuyambiranso. Ine ndinakonza kumaso, ndinatembenuza, ndinakonza pakati, ndinasonkhanitsa makona, ndipo mivi yonse isanu ndi inayi inakumana pa wani. Chala changa chinafuna kuyamba ulendo wautali uja mwachizolowezi. Ndinaugwira mtima, nkukankhira m'mbuyo kamodzi. Tche. Ndinaika patebulo, cha Yohane nkugwera pambuyo pa changa ngati mayankho a nyimbo.

AMadamu anayang'ana kumaso, anayang'ana kumsana, nkukweza dzanja langa. Nditaponya maso kuwindo, ndinaona agogo ali chiimire, pakamwa pali yasa, chala chawo chachikulu chili m'mwamba chikukankhirabe mphepo cham'mbuyo. Sindinanyadirepo munthu ngati mmene ndinawanyadira nthawi imeneyo.

Ku Chipata sitinawineko kanthu, koma ndinaona mapiri ake, ndinaona nyumba zosanjikizana, ndipo ndinakhala pabenchi limodzi ndi atsikana amene ankanena poyera kuti adzaphunzitsa masamu. Njira ya akatswiri ija ndinadzaiphunzira tili ku sekondale, ndipo anandiphunzitsa ndi Yohane yemweyo, manja anga atazolowera monga agogo ananenera. Iwo mpaka kumwalira kwawo sanalole munthu kubweza muvi wa wotchi yeniyeni, koma aliyense wokhala pabenchi lawo ankamufotokozera za tsiku limene mdzukulu wawo anapambana chifukwa iwo anagonja.

Pakhonde paja lero amagulitsapo zikwama za mafoni. Ine ndikuphunzitsa masamu pasukulu ya Pembamoyo, ndipo ana a kalabu yanga akafuna kuthamangira njira ya akatswiri, ndimatulutsa zotsekera mabotolo ziwiri ndi mtedza. Mwezi wathawu kamtsikana kena kamanyazi, ka kumbuyo kwenikweni, kanakweza dzanja nkunena kuti yankho langa pabolodi silikugwirizana. Kalasi yonse inadikira kuti ndikakalipire. Ndinawerengeranso, ndipo kanali kolondola. Ndinamva fungo la parafini m'chipinda mopanda parafini. Ndinaika choko pansi, nkulankhula mokweza kuti ngakhale a pawindo amve: "Ndalakwa ine. Bwera udzakonze."